Masipika akulira "mmmm" nyimbo isanayambe: kusaka vuto, kaya ampu ili mkati kapena ndi yapadera

Mwayatsa zida zanu, nyimbo simunaike n'komwe, koma m'chipinda mwadzaza kale kaphokoso kosalekeza, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Nyimbo ikayamba kamabisala, ikafika potsika mawu kamatulukiranso. Munasintha chingwe, kwa masiku awiri kunali zii, tsiku lachitatu kabwerera. Vuto limeneli ndi limene limatayitsa anthu mtima pa zida zabwinobwino. Mwini masipika okhala ndi ampulifaya mkati amayamba kudandaula kuti akanagula ampu yapadera, pamene mwini ampu yapadera amasirira mnzake wa mabokosi awiri opanda mawaya ambirimbiri. Onse awiri amakagula zatsopano, n'kupeza kuti phokoso lija lawatsatira.

Zimandiwawa kuona zimenezi, chifukwa nthawi zambiri phokoso silibadwira m'bokosi. Limalowera panjira: pa chingwe, pa soketi, pa waya wa ethi (waya wa magetsi wolumikizidwa ku nthaka), kapena pa chida china chimene mwalumikiza. Mitundu yonse iwiri imavuta. Imangosiyana khomo limene vuto limakonda kulowera, ndipo mukalidziwa khomolo kusaka kwake kumafupika.

Tigwirizane kaye pa zimene tikunena. Pa zida zapadera, mawu amachoka pa foni, kompyuta, TV kapena choyimbira ma CD ali ofooka, n'kulowa mu ampu pa chingwe chachifupi. Ampu imawapatsa mphamvu, ndipo ulendo wautali wopita ku masipika amayenda ali amphamvu kale, pa waya wokhuthala. Mkati mwa sipika muli crossover, kagulu ka makoilo ndi makapasita kamene kamagawa mawu: besi ku wufa (sipika yaikulu ya m'bokosimo), mawu opyapyala ku twita (kasipika kakang'ono). Ogulitsa amawatcha masipika a passive.

Okhala ndi ampu mkati alipo mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Ena ali ndi ampu m'bokosi limodzi lokha, lachiwiri limangodyetsedwa ndi waya kuchokera kwa linzake. Ena, otchedwa active, bokosi lililonse lili ndi pulagi yakeyake, crossover imagawa mawu asanafike pa ampu, ndipo wufa ndi twita chilichonse chili ndi ampu yake. Si luso ladzana ayi. Kampani ya Meridian ku England inayamba mu 1977 ndi masipika otere a m'nyumba, ndipo Genelec ya ku Finland yakhala ikupangira masitudiyo kuyambira 1978. Chofunika kugwira apa n'chakuti pa masipika a active mawu amayenda ulendo wautali akadali ofooka, komanso mapulagi amakhala awiri. Tibwereranso pa mfundo imeneyi.

Tcherani khutu musanagwire chingwe

Phokoso lililonse lili ndi mwini wake. Magetsi a m'nyumba amagunda ka 50 pa sekondi ku Africa, ku Ulaya ndi mbali yaikulu ya Asia, ndipo ka 60 ku North America. Kulira kotsika ndi kosalala, kokhala ngati kukuchokera pansi pa nthaka, ndi magetsi amenewo atalowa m'njira ya mawu. Kukakhala kokwererapo, mowirikiza kawiri, pa 100 Hz kapena 120 Hz (ka 100 kapena ka 120 pa sekondi), ndipo sikusintha ngakhale mutazula zonse, ganizirani za makapasita aakulu osefa magetsi mkati mwa ampu. Kulira kokalipa kwa "zzzz" kumakonda kuchokera ku matchaja, ku maswitchi ochepetsera kuwala kwa mababu, kapena ku vuto la ethi limene tikambe pansipa. "Sssss" wonga mpweya wotuluka m'tayala ndi wa ampu yeniyeniyo. Kuthetheka ngati nkhuni zouma pamoto ndi dothi kapena dzimbiri pamalo pokhudzana zitsulo. Ndipo "dididi-dididi" amene amamveka foni isanalire ndi foni yomweyo ikulankhula ndi nsanja pa netiweki ya GSM, imene imatumiza timagawo 217 pa sekondi. Ameneyu mankhwala ake ndi kungoichotsa foni pafupi ndi zingwe.

Ngati khutu silikusiyanitsa 50 ndi 100, ikani pa foni kapulogalamu kosonyeza ma Hz a phokoso, n'kuiyandikiza ku wufa. Nambala imene yatumphuka ikuuzani zambiri.

Zulani zonse

Uku ndi kuyesa kumene anthu amakudumpha chifukwa kumaoneka kwachibwana, koma ndi kumene kumadula nkhani pakati. Thimitsani zida. Zulani chingwe chilichonse cholowetsa mawu, musasiye ngakhale cha TV chimene "sichikugwira ntchito pano". Pa ampu yapadera patsale chingwe cha magetsi ndi mawaya a masipika basi. Pa masipika a ampu ya mkati patsale chingwe cha magetsi chokha. Tsitsani voliyumu, kenaka yatsani.

Kukakhala zii, sangalalani: ampu ndi masipika zilibe mlandu. Bwezerani zingwe chimodzichimodzi, mukuthimitsa kaye nthawi iliyonse, mpaka phokoso libwerere. Chingwe chimene lalowa nacho ndiye khomo lake.

Phokoso likapitirira, ikani khutu pa sipika, kenaka pa chitsulo cha ampu. Nthawi zina wufa imakhala chete ndipo chikulira ndi thiransifoma yeniyeniyo, imene ikunjenjemera m'bokosi. Mathiransifoma ozungulira ngati mphete amachita zimenezi magetsi a m'nyumba akapendekera mbali imodzi, zimene zimachitika wina akayatsa chida monga choumitsira tsitsi pa mphamvu yatheka. Kulira kotere kumabwera n'kumapita malinga ndi zimene zayatsidwa m'nyumbamo, ndipo sikuwononga mawu. Koma ngati phokoso likutuluka mu wufa ngakhale mwazula zonse, nyamulani chidacho mukayese m'chipinda china, mababu onse atathimitsidwa. Likakutsatirani kumeneko, vuto lili mkati.

Voliyumu nayo ndi mboni yabwino. Phokoso lokwera mukakweza voliyumu lalowa kumbuyo kwake, kutanthauza ku gwero la mawu kapena pa chingwe. Lokhala chimodzimodzi kaya mwakweza kaya mwatsitsa lalowa kutsogolo kwake, mbali yopita ku masipika.

Ethi iwiri, njira ziwiri

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa mwa mavuto onse obwerezabwereza, ili ndiye kholo lawo. Amisiri amati ground loop.

Chida chilichonse cha pulagi ya mano atatu chimalumikizidwa ku ethi ya nyumba kudzera pa dzino lachitatulo. Chingwe cha RCA, chija cha mapulagi ofiira ndi oyera, nacho chili ndi chikopa, timawaya tolukana tozungulira waya wapakati, ndipo chikopacho chimalumikiza chitsulo cha chida china ku chitsulo cha chinzake. Mukalumikiza kompyuta ndi sipika, zonse za mano atatu, ndiye kuti zida ziwirizo zagwirana m'njira ziwiri: kudzera m'khoma ndi kudzera pa chingwe cha mawu. Mwapanga mkombero. Ethi ya soketi ina siifanana ndendende ndi ya soketi inzake; pamakhala kusiyana kwakung'ono kwambiri, mwina tizigawo ta volt imodzi. Kusiyanako kumakankha magetsi pang'ono kuyenda pa chikopa chija. Tsoka lake n'lakuti pa RCA chikopa ndi njira yobwerera ya mawu omwe, choncho ampu siingasiyanitse nyimbo ndi mlendo ameneyu. Imakweza zonse pamodzi.

Tsopano onani chifukwa chake masipika a active amagwidwa kwambiri ndi matendawa. Bokosi lakumanzere lili pa soketi iyi, lakumanja pa soketi ya khoma lina, kompyuta pa soketi yachitatu, ndipo pakati pake pakuyenda zingwe za mamita atatu kapena asanu zonyamula mawu ofooka. Mikombero yakhala iwiri, yonse yaikulu. Pa zida zapadera, waya wautali ndi wa masipika, umene umanyamula ma volt angapo kupita ku sipika ya ma ohm 8 yopanda pulagi. Phokoso silipeza polowera pamenepo. Izi sizikutanthauza kuti masipika a active ndi oipa. Amangofuna kuti muwalumikize mosamala.

Yambani ndi chosavuta: zida zonse zamawu, kuphatikizapo TV ndi kompyuta, zidye magetsi pa ekisitenshoni imodzi yabwino yochokera pa soketi imodzi. Mkombero umakhalapobe, koma wafupika, ndipo nthawi zambiri phokoso limatsika mpaka kusamveka. Zingwe za mawu zisagone limodzi ndi za magetsi mtunda wautali. Ngati ziyenera kukumana, zipingasane. Matchaja ndi mathiransifoma ang'onoang'ono akhale patali ndi zingwe za RCA.

Kenaka yang'anani chingwe chochokera kunja kwa nyumba. Cha eliyo, cha dishi kapena cha kampani ya TV chimakhala ndi ethi yakeyake, yosiyana ndi ya masoketi. Ine ndinavutikapo milungu ingapo ndi kulira kumene kunkabwera madzulo okha. Ndinasintha zingwe za RCA kawiri, ndinabwereka ampu ya mnzanga, koma osaphula kanthu. Tsiku limene ndinazula zonse n'kumabwezera chimodzichimodzi, ndinapeza kuti phokoso linkalowa ndi chingwe cha dishi, n'kudutsa mu dikoda, pa HDMI, mu TV, mpaka mu ampu. Linkamveka madzulo chifukwa ndi nthawi imene kunja kumakhala bata. Kuyesa kwake n'kwa masekondi khumi: masulani chingwe cha eliyo kumbuyo kwa TV kapena dikoda, mumve ngati kwakhala zii.

Ngati ndi chimenecho, pa eliyo wamba pali kachipangizo kolumikiza pakati pa chingwe kamene kamadula ethi koma n'kulola zithunzi kudutsa. Pa dishi samalani, pakuti dikoda imatumiza ma volt 13 kapena 18 pa chingwe chomwecho kukadyetsa LNB, kachipangizo kolandira zithunzi ka patsogolo pa dishi, ndipo kachipangizo wamba kadzatseka magetsi amenewo, zithunzi n'kuzimiririka. Njira yoyera ndi kuchotsa mawu mu TV pa chingwe cha optical. Chingwe chimenechi, chimene Toshiba inatulutsa mu 1983 ndi dzina lakuti TOSLINK, chimanyamula kuwala m'kati mwa pulasitiki. Mulibe chitsulo, choncho mkombero waduka kotheratu. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri. Kumbukirani chabe kulowa mu zosankha za TV ndi kuika mawu otuluka pa PCM, chifukwa masipika ambiri a stereo sadziwa kumasulira Dolby Digital, ndipo amangokhala chete kapena kutulutsa phokoso loboola makutu.

Pa kompyuta, chizindikiro chake ndi kalikhweru kosintha mukasuntha mausi kapena masewera akayamba. Ameneyo ndi magetsi akuda a mkati mwa kompyuta akuyenda pa ethi ya USB. Ikakhala laputopu, zulani tchaja muimvetsere ikuyenda pa batire. Phokoso likatha, mwaupeza mkombero. Apa kachipangizo kodula ethi ya USB kamathandiza, kapena optical ngati ilipo.

Masipika anu akakhala ndi polowera pa XLR kapena TRS, ndipo gwero lanu lili ndi potulukira potero, gwiritsani ntchito zimenezo. Chingwe cha mapulagi amenewa, chotchedwa balanced, chili ndi mawaya awiri a mawu kuphatikiza chikopa chapadera. Phokoso limagwera mawaya awiriwo mofanana, ndipo sipika imangotenga kusiyana kwa awiriwo, zofananazo n'kuzitaya. N'chifukwa chake m'masitudiyo zingwe zimayenda mamita makumimakumi popanda kulira. Koma pali misampha iwiri. Woyamba: pulagi ya TRS ili ndi timizere tiwiri takuda, pamene ya gitala, TS, ili ndi kamodzi. Zimalowa pabowo limodzimodzi, ndipo ambiri amagula ya gitala n'kumadabwa kuti phokoso silikutha. Wachiwiri: chingwe chokhala ndi RCA mbali ina ndi XLR mbali ina sichisandutsa gwero lanu kukhala la balanced. Chingathandizeko pang'ono ngati chinalumikizidwa bwino, koma musachiyembekezere zambiri.

Zimachitikanso kuti zonse ndi balanced koma kulira kulipobe. Katswiri wina, Neil Muncy, analongosola zimenezi mu 1995: opanga zida ena ankalumikiza dzino loyamba la XLR, la chikopa lija, ku bolodi ya mkati m'malo molilumikiza ku chitsulo cha bokosi, motero magetsi a pa chikopa ankalowa mpaka m'njira ya mawu. Bungwe la Audio Engineering Society linakhazikitsa muyezo wa AES48 mu 2005 pofuna kuthetsa khalidweli, koma zida zotere zikadalipo. Mukakumana nazo, kapena ngati muli ndi RCA yokha ndipo zina zonse zakanika, ikani kathiransifoma kolekanitsa pakati pa gwero ndi sipika. Mawu amawoloka kudzera m'maginito, chitsulo sichikhudzana. Totchipa kwambiri timadya besi, choncho mvetserani bwino mukakalumikiza.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musathyole dzino la ethi pa pulagi, ndipo musadule waya wake. Mudzamva anthu akunena kuti zimathetsa phokoso, ndipo n'zoona, limathadi. Koma waya ameneyo ndi amene amateteza moyo wanu. Tsiku limene waya wamoto udzakhudze chitsulo cha ampu mkati, ethi ndi imene imachititsa fyuzi kupsa kapena buleka kugwa. Popanda iyo, bokosi lonse limakhala lamoto, kudikira dzanja la aliyense wodzakweza voliyumu, kaya ndi inu kaya ndi mwana.

Choyimbira mbale za vinyl chili ndi vuto lotembenuka: chimalira chikasowa ethi. Singano yake imatulutsa pafupifupi ma millivolt 5, pamene choyimbira ma CD chimatulutsa ma volt 2, choncho mawu ake amakwezedwa maulendo 100 kapena kuposerapo asanafanane ndi anzake, ndipo kaphokoso kalikonse kamakwera nawo. Kawaya kopyapyala kotuluka pambali pa RCA kamangidwe pa sikulu yolembedwa GND. Mukaiwala, kulira n'kosapeweka.

Za "sssss"

Amene achoka ku zida zapadera n'kugula masipika a active amakonda kudandaula ndi mpweya wosalekeza wotuluka mu twita. Chifukwa chake chilipo. Mu sipika ya passive, crossover kawirikawiri imakhala ndi ma resistor ochepetsa mphamvu yopita ku twita, ndipo amachepetsanso kaphokoso ka ampu. Mu ya active twita yalumikizidwa ku ampu yake mwachindunji, komanso mumakhala nayo pafupi, pa desiki. Ngati mukukamva pokhapokha mutagunditsa khutu ku twita, palibe chawonongeka. Ngati mukukamva muli pampando, yang'anani kagawidwe ka voliyumu.

Ambiri amatsegula kotheratu batani la kumbuyo kwa sipika, n'kumatsitsa voliyumu pa kompyuta mpaka pa 10. Kutero ndi kukweza phokoso n'kutsitsa nyimbo. Chitani motembenuza: gwero likhale pamwamba, cha m'ma 80 kapena 90, ndipo batani la sipika litsike mpaka pamlingo umene mumamvera. Masipika ena ali ndi switchi yolembedwa -10 dBV ndi +4 dBu. Yoyambayo ndi ya zida za m'nyumba, ma volt 0.316, yachiwiri ndi ya zida za m'situdiyo, ma volt 1.23. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ma decibel 12. Gwero lanu likakhala lamphamvu mokwanira, kuika pa +4 kumatsitsa mpweya uja moonekeratu.

Mbali imodzi ikathima

Apa mwini zida zapadera ali pabwino, chifukwa angathe kusinthanitsa. Sinthanitsani RCA yofiira ndi yoyera kumbuyo kwa ampu. Vuto likasamukira ku sipika inayo, wolakwa ndi gwero kapena chingwe. Likakhala pomwepo, bwezerani, thimitsani ampu, musinthanitse mawaya a masipika potulukira pa ampu. Likasamuka, ndi ampu. Likakakamira pa sipika yomweyo, ndi sipikayo kapena waya wake. Mphindi zisanu, mlandu watha.

Pali chizindikiro china chimene ndi bwino kuchidziwa. Mbali imodzi imathima kapena kusasa mawu voliyumu ikakhala pansi, mukakweza mwadzidzidzi imabwerera n'kuyimba bwino kwa kanthawi. Ameneyo kawirikawiri ndi relay, kaswitchi kamene kamamveka "tha" masekondi angapo mutayatsa ampu. Timano take tachita dzimbiri, ndipo mmisiri amangokasintha. Kuthetheka kobwera pokhapokha mukupotokola batani la voliyumu ndi fumbi mkati mwa batanilo. Mankhwala opopera oyeretsera zamagetsi amathandiza, koma osati mafuta.

Pa masipika a active sinthanitsani zingwe za mawu chimodzimodzi. Vuto likatsalira m'bokosi lomwelo, kusaka kwanu kwathera pomwepo, pakuti ampu, crossover ndi sipika zonse zili mkati. Pa mtundu uja wa ampu m'bokosi limodzi, yambani ndi waya wolumikiza mabokosi awiriwo, chifukwa ndi umene umamasuka.

Masipika akamathima okha muli mkati momvera nyimbo motsitsa usiku, musathamangire kunena kuti awonongeka. Kuyambira 2013 malamulo a European Union amafuna kuti zida zambiri zikakhala pa standby zisadye kuposa theka la watt, ndipo opanga ambiri amaika kachipangizo kogoneka sipika ikakhala kanthawi osamva mawu. Mawu ochokera ku gwero akachepetsetsa, sipika imayesa kuti mwachoka. Mankhwala ake ndi omwe aja: kwezani gwero, tsitsani batani la sipika.

Besi ikasowa ndipo woyimba sakumveka pakati pa masipika awiri, onani ngati waya wofiira ndi wakuda sanatembenuzidwe pa sipika imodzi. Wufa ina ikukankha pamene inzake ikukoka, ndipo besi ikudyana yokha.

Ampu ikutentha, ikuthima, matwita akupsa

Ili ndiye khomo la zida zapadera. Wopanga masipika a active anasankha kale ampu yoyenerana ndi wufa yake, ndipo kawirikawiri amaikamo chotetezera kuti musapyole malire. Pa zida zapadera ntchito yogwirizanitsa ndi yanu.

Ampu ikamathima mukangoyatsa, kapena kanyali kolembedwa "protect" kakamaphethira, yang'anani kaye kumbuyo ndi tochi. Kaulusi kamodzi ka waya kotuluka pa chomangira chofiira n'kukhudza chakuda n'kokwanira kushotetsa. Sendaninso wayayo, mupote timaulusi tonse pamodzi, mumange bwino mbali zonse ziwiri.

Ikamathima patapita kanthawi mukuyimba mokweza, werengani ma ohm. Sipika ya ma ohm 4 imakoka magetsi owirikiza kawiri poyerekeza ndi ya ma ohm 8. Masipika awiri a ma ohm 8 omangidwa pamodzi pa mbali imodzi amakhala ma ohm 4, ndipo awiri a ma ohm 4 amakhala 2, mlingo umene maampu ambiri a m'nyumba sangaupirire. Batani la A+B, loyimbitsa magulu awiri a masipika nthawi imodzi, pa maampu ambiri limachita zomwezo. Dziwaninso kuti nambala yolembedwa kumbuyo kwa sipika ndi yongoyerekeza. Sipika ya "8" ingatsike kufika pa 4 kapena pansipo pa mawu ena a besi. Ampu ya mtundu wa Class AB imatulutsa kutentha kwambiri ndipo imafuna mpata pamwamba pake. Musaisanjikize dikoda, musaitsekere m'kabati.

Matwita opsa mobwerezabwereza nthawi zambiri amaphedwa ndi ampu yokakamizidwa kupyola mphamvu zake. Ikafika pa malire imadula nsonga za mawu, mawuwo amang'ambika, ndipo mphamvu yochuluka imathamangira ku twita, imene koilo yake ndi yopyapyala ngati tsitsi. Mukasintha twita osasintha kamvedwe, yatsopanoyo ipsanso. Mawu akayamba kukalipa ndi kuuma, tsitsani pomwepo. Ndipo musanyengedwe ndi ma watt: kuchoka pa 50 kupita pa 100 kumangowonjezera ma decibel 3, kusintha kochepa m'khutu. Kuti mawu amveke ngati awirikiza kawiri pamafunika ma decibel pafupifupi 10, ndiye kuti mphamvu yochuluka kakhumi. Sipika yolembedwa 90 dB imafuna theka la mphamvu imene ya 87 dB imafuna kuti zimveke mofanana. Ngati chipinda n'chachikulu, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa ma watt a ampu.

Chenjezo lina lachidule kwa amene ali ndi mitundu yonse iwiri: potulukira pa masipika pa ampu yapadera musapalumikize ku RCA kapena XLR ya masipika a ampu ya mkati. Mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri ndipo mungaotche zonse ziwiri. Gwiritsani ntchito polembedwa "pre out".

Vuto likakhaladi mkati

Ngati mwazula zonse, mwasintha chipinda, ndipo kulira kwa 100 Hz kapena 120 Hz kukupitirira, makapasita akalamba. Madzi a mkati mwake amauma pang'onopang'ono, ndipo lamulo limene amisiri amayendera ndi lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umafupika ndi theka. Mu sipika ya ampu ya mkati amakhala m'bokosi lofunda, logwedezeka ndi besi tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake ndi bwino kuithimitsa mukatha kumvera ndi kusiya mpata pakati pa chitsulo chake chakumbuyo ndi khoma. Musatsegule nokha ngati simunaphunzire ntchitoyi. Makapasita aakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Pokonzetsa ndi pamene kusiyana kwa mitundu iwiriyi kumaluma. Ampu yapadera ikafa, mumabwereka ina n'kupitiriza kumva nyimbo, ndipo masipika abwino a passive amatha zaka makumi angapo akusintha maampu. Ya mkati ikafa, bokosi lonse lipita kwa mmisiri. Bolodi yake inapangidwira sipika imeneyo yokha, makamaka ngati crossover yake ndi ya digito, ndipo wopanga akasiya kutulutsa zipangizo zake, kukonza kumavuta. Musanagule masipika otere, funsani ngati bolodi imagulitsidwa payokha, ndipo onetsetsani kuti ali ndi polowera chingwe wamba kuti asadalire pulogalamu ya pa foni yokha. Kwa ine, chifukwa chomveka chosinthira mtundu ndi ichi: ngati mwatopa ndi matwita opsa ndi ampu yotentha, ndipo gwero lanu lili ndi optical kapena XLR, masipika a active adzakupumitsani; koma ngati muli ndi zida zambiri zolumikiza ndipo mukufuna zotheka kukonzetsa chimodzichimodzi, khalani pa ampu yapadera. Kulira kwa ethi kokha si chifukwa chogulira chilichonse chachikulu.

Kuphulika kwa "phu" poyatsa ndi pothimitsa kumachepa mukatsata dongosolo: gwero liyake poyamba, ampu kapena masipika a active pomaliza, ndipo pothimitsa muyambe ndi ampu.

Popita kwa mmisiri, lembani pa kapepala zimene mwapeza: phokoso ndi la mtundu wanji, likusintha ndi voliyumu kapena ayi, lili mbali imodzi kapena zonse, limayamba chida chikangoyaka kapena chikatentha, ndiponso kuti linapitirira zingwe zonse zitazulidwa. Ngati ndi masipika a active, nyamulani onse awiri, kuti ayeze lodwalalo poyerekeza ndi lamoyo.